Nthutumba za ku Chidamu

Dzuwa linali litalowa kale kuseri kwa malata a komboni ya Misisi, ku Lusaka, koma kutentha kwa Okutobala kunakana kupita nalo. Nsama anakhala pa kampando kuseri kwa nyumba yake akukupiza mbaula ndi chivindikiro cha poto. M'chiwaya munali anyezi, tomato ndi ufa wa kare wochuluka, ndipo fungo lake linkalumpha mpanda n'kukalowa m'nyumba za anzake. Iye ankafunanso zomwezo. Kare ankathira wambiri dala, kuti aphimbe kafungo kena kamene kanali pansi pake, kafungo ka matope.

"Bana Chewe, mwachoma bwanji uko?" Anali bana Kombe, mnansi wake wa kumanja, atasuzumira pa mpanda wa matumba. "Ka fungo ako, awe mwandi! Bana banga bakana ndiwo zanga."

"Ni tunthutumba chabe," anayankha Nsama osakweza maso. "Bweretsani mbale."

Mayi ameneyu mumudziwe bwino, chifukwa nkhaniyi ndi yake. Pa mzere wonse wa nyumba zija, Nsama, amene anthu ankamuitana kuti bana Chewe, kutanthauza amake a Chewe, ndiye anali mayi wa ulemu. Lachinayi ankavala bulauzi yoyera ya amayi a mpingo n'kutsogolera mapemphero. Pa maliro ndiye ankagawa ntchito kophikira. Mtsikana akasokonekera, ankapita naye kwa iye kuti akamulangize. Mwana wake Chewe anakwatiwa bwino ku Kitwe. Mwamuna wake, Kalumba, anali dalaivala pa kampani ina yopha nkhuku, ndipo kwa zaka zambiri ankabwera madzulo ndi kathumba ka nthutumba zotsala kuntchito. Nthutumba za bana Chewe zinali zotchuka mpaka ku mpopi.

Tsono kukomboni kuli chizolowezi chimene mlendo sachedwa kuchiona. Mbale ya ndiwo ikadutsa pa mpanda kubwera kwa iwe, umaibweza muli kanthu. Kaya ndi therere, kaya ndi timatemba tiwiri, koma muli kanthu. Ukaibweza yowuma kamodzi anthu amati waiwala. Ukabwereza amadziwa kuti m'nyumba mwako zinthu zavuta, ndipo mawa lake mzere wonse umakupatsa moni wachisoni.

Ntchito ya Kalumba inatha m'mwezi wa Juni, koma iye sanauze munthu. M'mawa uliwonse ankavalabe shati yosita n'kukakwera minibasi ya m'tauni, kukaima m'mageti a makampani, n'kubwera madzulo nsapato zili mbuu ndi fumbi. Nsama nayenso pakamwa anatseka. Anagulitsa wailesi, kenako bulangeti labwino, ku msika wakutali kumene sankamudziwa. Njala ankatha kuipirira. Chimene chinamukanika n'chakuti mbale za anthu zinkabwerabe pa mpanda, ndipo iye analibe choikamo.

Kumunsi kwa komboniyo kuli Chidamu, dzenje lalikulu limene kale ankaphwanyamo miyala, kenako linadzaza madzi n'kukhala choncho. Mmenemo ndi mothera ngalande zonse za m'komboni, madzi ochapira, a m'zimbudzi zosefukira m'dzinja, chilichonse chimene munthu safuna kuchionanso. Munthu wodzilemekeza sayandikirako. Koma Nsama anakulira kumpoto, kufupi ndi mitsinje, ndipo tsiku lina akudutsa anaona m'matope a m'mphepete muli nkhono za m'madzi, zija za zigoba ziwiri zotsekana. Ali mwana ankadya zoterozo. Nyama yake ukaidula tizidutswa n'kuikazinga kwambiri, imalimba ngati nthutumba.

Anayamba kupitako mbandakucha, atadzifunda chitenje choyera chakale kumutu mpaka kumaso kuti wina asamuzindikire. Akabwera ankaziviika m'madzi a kolorini n'kuziwiritsa mpaka makala kutha. Inu, anthu a m'makomboni a Lusaka kolera inawaphunzitsa chinthu chimodzi, ndipo anachigwira ndi manja awiri: thira kolorini, wiritsa, basi wapulumuka. Nsama yemweyo ndiye ankaphunzitsa amayi anzake zimenezo ku tchalitchi, choncho mtima wake unali m'malo. Zigoba ankazikwirira m'kanjira kopapatiza pakati pa nyumba yake ndi ya mnansi wa kumanzere, pansi pa nthochi, chifukwa pamenepo ndi pomwe dothi linali lofewa. Nthochizo zinali za ba Abiba.

Ba Abiba anali mayi wachikulire wachisilamu, wamasiye. Iwo ndi malemu amuna awo, a Majidi okhoma zidebe, anachokera ku Malawi kalekale, Misisi ikadali miyala ndi tchire. Ankakhala okha ndi mphaka wawo, akumakazinga zitumbuwa zogulitsa pakhomo. Mbale ya Nsama ankailandira ndi manja awiri, n'kuthokoza, n'kuibweza mawa lake muli zitumbuwa. Koma nkhuku yosachinjidwa mwa chipembedzo chawo sankadya. Posafuna kukhumudwitsa mnzawo, ndiwozo ankangopatsa mphaka mwakachetechete.

Mbale ina inkapita kwa ba Pumulo, mdala wa Chilozi amene anagwira ulonda moyo wake wonse, wopanda mkazi, wokhala m'kachipinda ka kumapeto kwa mzere. Mdalayu ankanyambita mbale mpaka kuyera, n'kuibweza muli tsabola wa pa kamunda kake.

Miyezi yozizira yonse zinayenda bwino. Koma kutentha kutafika, Chidamu chinasintha. Madzi anaphwa, otsalawo n'kukhala biriwiri ngati wina wakhuthuliramo zitini za penti. Pamwamba panayandama ndere yokhuthala ngati phala, ndipo mphepo ikaikankhira kumtunda inkauma n'kusanduka yabuluu. Madzulo fungo lake linkakwera m'komboni, fungo la udzu wowola losakanikirana ndi la chinthu chakufa. Nsama ankangoikankha ndereyo ndi dzanja n'kupisa pansi. Nkhono zinali zitanenepa kuposa kale. Mikono yake inkatuluka yobiriwira mpaka m'zigongono n'kumayabwa tsiku lonse, ndiye anayamba kuvala za manja aatali pa kutentha konseko.

Madzulo amene tayamba nawo aja anapakula mbale ya bana Kombe, ya ba Abiba ndi ya ba Pumulo, zotsala n'kulowa nazo m'nyumba. Kalumba anadya mutu uli pansi. Sanafunsepo n'kamodzi komwe kuti nthutumbazo zikuchokera kuti, ndipo mkazi wake ankadziwa chifukwa chake.

Agalu ndiwo anayamba kufa. Ankawapeza m'mawa m'njira ya ku Chidamu, miyendo itauma, thovu lili kukamwa, popanda bala lililonse. Kenako abakha a munthu wina anafa khola lonse tsiku limodzi. Anthu anayamba kunong'ona. Ena ankati usiku amamva chinthu chikukumba kuseri kwa nyumba, kenako phokoso louma, kwere, kwere, ngati munthu akugwedeza mafupa m'thumba. Ena ankati fungo lija silichokera kumadzi ayi, koma limayenda khomo ndi khomo, ndipo pamene laima ndi pamene pagwe zovuta. Ana anasiya kusewera panja dzuwa likapendeka.

Tsiku lina ku mpopi bana Kombe anamukoka Nsama pambali, maso ali tong'o.

"Imwe, milomo yanga siimvela. Monga banilasa jakisoni wa mano."

"Kuyambira liti?"

"Usiku. Na vala va kumanja vichita nyerere. Bana nabo balira m'mimba."

Nsama anagwira milomo yake. Nayenso lilime linkamuchita dzanzi kuyambira dzulo lake, koma ankati mwina ndi tsabola wa ba Pumulo. Mantha anamugwira, ndipo ndikunenetsa, anali mantha a ufiti enieni. Nthawi imeneyo sankadziwa kanthu. Anawaza mchere pakhomo, anagwada n'kupempherera mzere wonse, akudzifunsa kuti ndani amene wawachitira nsanje anthu osauka ngati iwo. Mawa lake mbandakucha anatenga chidebe chake n'kupita ku Chidamu monga mwa masiku onse.

Ba Pumulo anawapeza m'mawa atakhala pa mpando wawo pakhomo, ngati mlonda amene akudikira kuti kuche. Maso anali otsegula, manja ali pa mawondo. Pambali pawo panali mbale ya Nsama, yotsuka bwino, muli kale tsabola wobweza. Mayi wogona chipinda choyandikana nacho ananena kuti usiku anamva mdalayo akupuma ngati munthu wopanidwa pakhosi, koma osakuwa, osaitana.

"Chinamukhalira pa chifuwa," wina ananong'ona.

"Chinamumanga pakamwa kuti asaitane."

"Mayo! Manje chizabwela kwa ndani?"

M'mawa womwewo mphaka wa ba Abiba anafanso. Pa maliro a ba Pumulo, Nsama ndiye anagawa ntchito kophikira, ndipo analira zenizeni.

Maliro atatha anaphikanso nthutumba zake, koma tsiku limenelo zinali zochepa, sanagawe. Kalumba anabwera ndi njala ya tsiku lonse, anadya n'kumwa msuzi wonse m'mbale. Sipanapite nthawi, kapu inamugwa m'manja. Anafuna kunena kanthu koma mawu anatuluka ophwanyika ngati a munthu woledzera, miyendo n'kukana kumunyamula. Amuna a pa mzerewo anathandiza kumunyamula mpaka kumsewu, ndipo galimoto ina inawafikitsa kuchipatala usiku womwewo.

Namwino, mayi wonenepa wotopa ndi ntchito, anamuyang'ana Kalumba m'maso n'kumugwira milomo, kenako anatembenukira kwa Nsama.

"Bamayo, badya chani?"

"Nthutumba za nkhuku, sista."

"Palibe vili vonse vochokela ku Chidamu? Nsomba, nkhanu, nkhono?"

Kumbuyo kwa Nsama kunaima amuna awiri a pa mzere wake, zipewa zili m'manja.

"Nifunsa chifukwa madzi akabiriwira monga muja, ndere ija imakhala na poizoni," anapitiriza namwinoyo. "Nkhono zimamwa madzi aja usana na usiku, poizoni imakhalira m'nyama yake. Olo muwiritse bwanji, olo muthire kolorini, siichoka. Moto siupha. Agalu mwamva kuti bakufa aja, ni madzi yamene ayo."

"Ife sitidya va ku Chidamu, sista," anatero Nsama, mawu ake ali bwinobwino ngati akuwerenga vesi.

Anatuluka n'kukakhala pa benchi ya panja. M'maso mwake munangobwera mbale ija yotsuka, muli tsabola. Ndiye kuti mfiti imene ankaithamangitsa ndi mchere ija inali iye mwini, ndi chidebe chake, ndi kolorini wake. Manyazi anamugwira moti analakalaka benchiyo itamumeza. Kalumba anamuika pa makina opumira, ndipo patapita masiku anabwerera kunyumba wofooka koma wamoyo.

Nsama ku Chidamu anasiya. Anadziuza kuti iye akasiya, imfa isiyanso, anthu aiwala, ndipo palibe chifukwa choti adzivule pagulu. Ba Pumulo sangadzuke ngakhale iye ataulula. Koma anthu amene aika mnzawo m'manda mosadziwika bwino saiwala choncho. Ankafuna dzina.

Dzinalo linabwera ndi mayi wina amene ankalawirira kukagula tomato wogulitsa m'tauni. Iyeyu anaulula kuti kangapo konse, kusanache bwino, anaona chinthu chofunda zoyera kumutu chili m'madzi a Chidamu mpaka m'chiuno, chikupisa pansi n'kumaponya zinthu m'chidebe. Mikono yake, ati, inali yobiriwira ngati ya buluzi. Pamenepo anthu anayamba kulumikiza okha. Ndani amafunda zoyera kumutu pa mzere uno? Ndani amadzuka nthawi imeneyo, kumakhapitsa madzi kuseri kwa nyumba, akung'ung'udza m'chinenero chimene munthu sachimva? Ndi nyumba iti imene dzanzi lija silinalowemo? Ndipo mphaka uja anafa bwanji tsiku limodzi ndi ba Pumulo, ngati sanali wotumidwa amene anamaliza ntchito yake?

Zitumbuwa za ba Abiba zinayamba kugona m'beseni. Amayi ankakoka ana awo akamadutsa pakhomopo. Nsama zonsezi ankazimva ku mpopi, chidebe chili m'manja, ndipo ankangoti, "Tiyeni tizipemphera chabe." Usiku tulo sankatiwona. Ankakonza mawu oti akanene mawa, koma mawa likafika n'kuona nkhope za amayi amene iye anawalangiza pa maukwati awo, ankangotunga madzi ake n'kubwerera kunyumba. Anene kuti chiyani? Kuti mayi wa bulauzi yoyera wakhala akuwadyetsa za m'madzi a zimbudzi n'kumawanamiza kuti ndi nkhuku? Kuti mwamuna wake amasita shati kupita kukaima pa geti?

Loweruka lina masana, bana Kombe anabwera ndi mneneri Dalton, mnyamata wa suti yoyera ndi chimkuzamawu, amene tchalitchi chake chinali tenti ya pafupi ndi njanji. Khamu linamutsatira. Anayenda pa mzerewo akununkhiza m'mwamba, akuima, akubwerera, akukuwa m'malilime. Sikuti panafunika mzimu kuti munthu apeze malowo ayi. Ntchentche zinali zitawapeza kale. Anafika pa nthochi zija n'kuloza pansi.

"Kumbani apa!"

Khasu linalowa kamodzi n'kumveka kwere. Linalowanso, ndipo zigoba zinayamba kutuluka, mulu wathunthu, zina zikadali ndi ndere yowuma, fungo lake loti munthu n'kubwerera m'mbuyo. Pambali pake panatuluka mtembo wa mphaka wokulungidwa m'kansalu koyera. Amayi anakuwa, ena anathawa atagwira mitu.

"Ni vija vimalira usiku!"

"Chigoba chimodzi, munthu mmodzi! Onani kuchuluka, anafuna kutisiliza tonse!"

Ba Abiba anatuluka n'kuima pakhomo pawo, m'manja muli ufa wa zitumbuwa. Anayang'ana muluwo, anayang'ana khamulo.

"Si zanga zimenezo, ana anga."

"Nanga ni va ndani?" anakuwa Dalton pa chimkuzamawu. "Kambani! Ni va ndani?"

Mayi wachikulireyo anangokweza maso pamwamba pa mitu ya anthu n'kuyang'ana Nsama, amene anaima pa mpanda wake. Anamuyang'ana nthawi yaitali, mopanda ukali, ngati munthu amene akudikira mnzake kuti amalize kumanga chitenje azipita. Nsama anayang'ana zala za kumapazi kwake.

"Mayi wa pemphero ali kuti?" anafunsa Dalton. "Bana Chewe, bwelani kutsogolo. Imwe ndimwe mwavutika maningi, bamuna banu pafupi kufa. Titsogolereni."

Anthu anamupatsa njira. Ndipo, abale inu, anapemphera! Ine pamenepa ndi pamene mtima umandiwawa ndikamaikamba nkhaniyi. Anatseka maso n'kupemphera ndi mawu ake okoma aja, kupempha kuti choipa chichoke pakati pawo, kuti chobisika chionekere. Misozi inkatsika, anthu n'kumati ndi mzimu. Atati ameni, mwala woyamba unagwa pa malata a ba Abiba.

Anyamata ena ankafuna petulo. Mwayi wake akuluakulu angapo anaimirira pakhomopo n'kunena kuti magazi ayi, mayiyo angochoka dzuwa lisanalowe. Uthenga unapita kwa mwana wa mchemwali wawo ku komboni ya Mtendere, ndipo anabwera ndi kalole kakang'ono. Anapakira matiresi, mbaula, beseni la zitumbuwa ndi bokosi la zida za malemu a Majidi. Nyumba imene anaimanga ndi mwamuna wawo njerwa imodzi imodzi anaisiya mawindo ali oswekasweka.

Nsama anali atadzitsekera m'nyumba. Chakumadzulo anamva mawu otsika kuseri, pa mpanda wa kumanzere.

"Odi, mayi a Chewe."

Anafuna kukhala chete, koma miyendo inamutulutsa yokha. Ba Abiba anaima pamenepo, pachipumi pali bala la mwala, m'manja muli mbale yovindikira ndi kansalu.

"Mbale yanu. Sindikanapita nayo."

Nsama anailandira. Inali yolemera. Anavundukula kansaluko n'kupeza nyemba zouma, zosankha bwino, zodzaza mpaka m'milomo.

"Ndinkakuonani mbandakucha uliwonse, ndikamasamba m'manja ndi kumaso kuti ndipemphere," anatero ba Abiba. "Ndinkati njala ya mnzanga si yoti ine ndiiulutse. Tsiku limene ndinkakwirira mphaka ndinapeza zigoba zija, ndipo ndinayamba kukayikira. Ndinafuna kubwera kudzakuuzani, koma ndinaopa kukuchititsani manyazi. Pamenepo ndinalakwa, bambo a Chewe akanafa."

"Bamayo..." Nsama anayamba, koma ba Abiba anapitiriza.

"Lero ndikananena ine, sakanandimvera. Ndiye ndinadikira inu." Anakonza mpango wawo kumutu. "Phikani nyembazo. Kumadzi kuja musapitekonso."

Kalole kaja kanalira n'kuchoka, ana akukaponya miyala. Nyembazo Nsama anaziphika, chifukwa m'nyumba munalibe china. Zinali zokoma, ndipo anazidya akulira.

Imfa inaleka, ndipo aliyense anati mwaona. Dalton anatsikira ku Chidamu ndi khamu lake, anawazamo mchere ndi mafuta, n'kulengeza kuti madziwo amasulidwa. Madziwo anakhalabe biriwiri, mvula inali isanagwe, koma anthu anasiya kuwaopa. Nsama anawonda. Lachinayi ankavalabe bulauzi yake, ndipo amayi ankamupatsa mpando wakutsogolo monga munthu amene pemphero lake linathamangitsa mfiti.

Madzulo ena, akusesa pakhomo, anamva fungo likulumpha mpanda wa kumanja. Anyezi, tomato, ndi kare wambiri. Tsache linamugwa m'manja.

"Bana Chewe, tengani ako," anatero bana Kombe, akudutsitsa mbale pa mpanda, maso ali kumbali. Mwamuna wa bana Kombe, womanga nyumba za ena, anali atakhala nthawi yaitali osapeza ganyu. "Ni tunthutumba chabe. Masiku onse ndimwe mutipasa, lelo na ise tayesako."

Nsama anayandikitsa mbaleyo kumphuno. Pansi pa kare panali kafungo kaja. Bana Kombe nawonso anakulira kumpoto, kufupi ndi mitsinje, ndipo tsiku la khasu lija zigobazo anaziona bwino.

"Mwavichosa kuti?"

"Mu shopu. Naviwiritsa bwino, osadandaula."

"Bana badya?"

"Badya kale. Kombe ati milomo imuchita nyerere, nati ni mpilipili."

Mbale inagwa pansi. Nsama anang'amba mpanda wa matumba uja n'kulowa, akukuwa mawu amene anawasunga nthawi yonseyi. Ni va ku Chidamu! Ni poizoni! Moto siupha! Anakankha poto ndi phazi, anamunyamula Kombe kumsana ngati khanda ngakhale anali mwana wa sukulu, n'kuthamanga naye kumsewu, bana Kombe akutsatira ndi ang'onoang'ono. Kuchipatala anapeza namwino yemwe uja, ndipo ulendo uno sanadikire kufunsidwa. Anawo anapulumuka, ngakhale Kombe anafika poti anthu anali atataya mtima.

Mawa lake m'mawa Nsama anapita ku mpopi nthawi imene amayi amachuluka. Sanatenge chidebe. Anatenga chitenje choyera chija, chokhala ndi madontho obiriwira osachoka, n'kuchiponya pansi pamaso pawo. Anapinda manja a malaya ake kuonetsa zipsera za kukanda. Ananena zonse: za ntchito ya Kalumba, za nkhono, za zigoba pansi pa nthochi, za ba Pumulo. Ananena kuti ba Abiba sanalakwe kanthu, ndipo kuti akawapepese, awabwezere nyumba yawo. Ankayembekeza kuti amulavulira, mwina kumugenda, ndipo anali atakonzeka.

Madzi ankasefukira m'chidebe cha wina popanda wotseka mpopi. Pa amayi onse aja panalibe amene sanaponye mwala kapena kuimbira m'manja oponyawo. Kenako bana Kombe, amene anali atangofika kuchokera kuchipatala, analankhula akuyang'ana pansi.

"Bana banga badya nthutumba za mu shopu. Ise ku Chidamu sitiyendako. Mwaona mphamvu ya mfiti ija? Yachoka, koma yabwela kulasa bana banga. Manje yangena m'kamwa mwa bana Chewe kuti iziyeretse."

Mukanaona mmene nkhope zija zinamasukira! Wina anati zoona, mawu awa si a bana Chewe. Wina anati mayi ngati ameneyu angalowe m'madzi a zimbudzi, iyeyu? Anamuzungulira, anamugwira manja mwachikondi, anamukhazika pa chidebe chovundikira. Iye ankakuwa kuti ndine, ndine, imwe mverani, koma akamakuwa kwambiri iwo ankaimba mokweza. Wina anathamanga kukaitana Dalton. Palibe amene anamunyoza ngakhale mmodzi. Dzina lake analisamala bwino kwambiri moti pa tsiku limene anafuna kulitaya, anthu anakana kumulandira.

Nyumba ya ba Abiba mpaka lero ilibe mawindo, ndipo munthu salowamo. A zaumoyo anadzakhoma chikwangwani chochenjeza pa Chidamu, koma sichinakhalitse, wina anakafoletsera khola la nkhuku. Chaka chilichonse kutentha kukafika madzi aja amabiriwiranso. Pamenepo Nsama amadzuka mbandakucha, mutu uli pamtunda, n'kukaima m'mphepete mwa madziwo. Masiku ena amapeza munthu wofunda chitenje kumaso ataweramira m'ndere ndi chidebe, ndipo akamukuwira, munthuyo amathawa osatembenuka. Sadziwa kuti ndi ndani. Angakhale aliyense wa pa mzere wake.

Akamabwerera kunyumba dzuwa litatuluka, mapazi ali obiriwira, amayi a ku mpopi amamupatsa njira mwaulemu. Akadutsa amapukusa mitu mwachisoni, n'kunena kuti ba Abiba anali ndi mtima woipa zedi, kuwononga mayi wabwino ngati ameneyu.